Momwe mungaphunzitsire galu kuti maso ake azikhala pa inu pamene mukusewera naye

Tsiku lina madzulo m'mwezi wa Okutobala ndinali pabwalo la mpira pafupi ndi kwathu kuno ku Kasungu, ndili ndi galu wanga dzina lake Bua. Nthawi imeneyo anali ndi miyezi 7. Ndinamuponyera mpira, iye n'kuuthamangira bwinobwino, koma asanaufike panadutsa nkhuku ndi anapiye ake. Mpira unaiwalika pomwepo. Ndinakuwa dzina lake kasanu konse, ndinaimba likhweru, ndinaomba m'manja, koma Bua anangoti fumbi kobo, kulowera kuseri kwa nyumba za eni. Mwanapiye mmodzi anafa ndipo ndinalipira. Mayi mwini nkhukuyo polandira ndalamayo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, galu wanuyu sakudziwani."

Mawuwo anandilasa mtima, koma anali oona. Bua ankadziwa mbale yake, ankadziwa pakhonde pomwe amagona, ankauwa usiku ngati galu wina aliyense. Chimene sankadziwa n'chakuti chisangalalo chingachokere kwa ine. Zokoma zonse kwa iye zinali kutali nane: kudzala, m'tchire, pamsewu podutsa akabaza. Zimene ndalemba panozi ndi njira imene ndinatsata posintha zimenezo, ndipo mutu wake ndi umodzi. Galu aphunzire kuti akakuyang'anani masewera amayamba kapena kupitirira, akakuiwalani masewera amazilala. Sipafunika ndodo, sipafunika kukalipa, sipafunikanso galu wachizungu. Galu wathu wachikuda, wa makutu oima ndi mchira wopindika uja, amagwira zinthu izi mwamsanga ndithu.

Musanayambe

Galu wodwala sangakumvereni. Ngati ali ndi nkhupakupa m'makutu, utitiri thupi lonse kapena njoka zam'mimba, nzeru zake zonse zili pa kudzikanda. Kaonaneni ndi alangizi a ziweto a m'dera lanu kapena a ku ofesi ya zaulimi paboma kuti akuuzeni mankhwala oyenera. Katemera wa chiwewe ndiye musachite naye mphwayi. Kagalu kamabayidwa kakakwana miyezi 3, kenako muzibwereza chaka ndi chaka. Pa 28 Sepitembala dziko lonse lapansi limakumbukira za matendawa, choncho nyengo imeneyo muzitchera khutu ku zilengezo za katemera. Ndikutsindika izi chifukwa masewera amene ndifotokoze amachitika dzanja lili pafupi ndi mano. Galu amene simukudziwa za katemera wake akakulumani kapena kukukandani ndi dzino, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Galu amene amaswera pa tcheni kapena m'kanyumba kake musamuyambitse phunziro mutangomumasula. Muloleni athamange kaye, anunkhize, akodze apa ndi apo kwa mphindi ngati 10, mtima ukhale pansi. Nthawi yabwino ndi m'mamawa dzuwa lisanakwere kapena madzulo likapendeka, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene Kasungu amatentha kwambiri. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife. Amadziziziritsa potulutsa lilime n'kumapuma mwawefuwefu, ndiye kumuthamangitsa masana dzuwa lili paliwombo kungathe kumupha. Komanso phunziro lichitike asanadye, osati atakhuta nsima.

Zofunika kukonza ndi zochepa. Choyamba ndi tizakudya tomupatsa ngati malipiro. Ine ndimagwiritsa ntchito usipa wouma wopanda mchere, ndimauthyolathyola kuti chidutswa chilichonse chikhale ngati njere ya nyemba. Bonya ndi matemba ang'onoang'ono nazonso zimagwira ntchito, ndipo tsiku la phunziro lovuta ndimawiritsa kachiwindi kuchokera kubutchala n'kukadula tizidutswa. Ndiwo zotsala zimene muli anyezi musamupatse, anyezi amawononga magazi a galu. Mafupa a nkhuku ophika nawonso ayi, amasweka mosongoka.

Chachiwiri ndi chokokerana. Gulani jinzi yakutha pakaunjika, ing'ambeni nsanza zitatu zazitali, muziluke ngati tsitsi, n'kumanga mfundo uku ndi uku. Chikhale chotalika ngati dzanja lanu kuchokera paphewa kuti mano akhale kutali ndi zala. Lukani ziwiri zofanana. Chachitatu ndi chingwe cha mamita 5 mpaka 10 ndi lamba wa m'khosi wophwatalala, osati waya. Zinthu ziwiri zimene ana amakonda kuponyera agalu, ine ndimaziletsa: chitsononkho ndi mpira wachikulunga wa mapepala apulasitiki. Galu akameza chidutswa cha chimodzi mwa izi chimatha kutseka matumbo.

Choyamba: mawu oti "wakhoza"

Galu amalumikiza malipiro ndi chimene amachita pa kamphindi komweko. Akakuyang'anani, inu n'kuyamba kupisa m'thumba, pofika potulutsa usipa iye wayang'ana kale mbuzi, ndiye mwamulipira chifukwa choyang'ana mbuzi. N'chifukwa chake pamafunika liwu lalifupi lomuuza kuti "chimenecho, malipiro akubwera". Ine ndinasankha "Eya!" Inu mukhoza kusankha lina, bola likhale lalifupi ndipo lisasinthe.

Imani pamalo opanda phokoso, kuseri kwa nyumba kapena m'chipinda. Nenani "Eya!", kenako mupatseni kachidutswa. Liwu litsogole, dzanja litsatire. Chitani zimenezi maulendo 10 kapena 15, kawiri patsiku, kwa masiku awiri kapena atatu. Simukumuuza kuti achite kanthu, mukungomangirira liwulo ku chakudya. Ivan Pavlov, wasayansi wa ku Russia amene analandira mphotho ya Nobel mu 1904 pa kafukufuku wa kagayidwe ka chakudya, anaona kuti agalu ake ankayamba kuchucha dovu akangozindikira chizindikiro chimene chinkatsogolera chakudya. Ife kumudzi timazidziwa kale. Mayi akangoyamba kukokota nkhoko mumphika, galu amene anali kutali amangoti balamanthu pakhomo la khitchini. Mukufuna "Eya!" wanu akhale ndi mphamvu ngati ya phokoso la mphikalo. Muyeseni akuyang'ana kwina: akatembenuka msanga atamva liwulo, mwamaliza gawo ili.

Chachiwiri: dzina limodzi, kamodzi

Tili ndi mwambo wopatsa agalu mayina okhala ndi nkhani, oti anansi amve zimene sitingawauze pamaso. Mayina otero ndi okoma, koma akatalika savuta kutchula pokhapokha galu ali phee. Akakhala pa liwiro mumafuna dzina loti lituluke ndi mpweya umodzi. Ngati dzina ndi lalitali, lifupikitseni. Ngatinso lakhala likutchulidwa pomukalipira mokha, moti akalimva amabisa mchira, musaope kumupatsa latsopano ngakhale ali wamkulu. Amalizolowera m'masiku ochepa.

Muli naye pafupi, tchulani dzina kamodzi ndi mawu ansangala. Akatembenuza mutu kuyang'ana kwa inu, "Eya!", malipiro. Akapanda kutembenuka musabwereze. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, ine ndemwe ndinalakwitsa pabwalo paja. Mukati "Bua, Bua, Bua, iwe Bua!", mukumuphunzitsa kuti dzinalo ndi phokoso wamba ngati wailesi ya pagolosale. M'malo mwake dikirani pang'ono, psopsonani milomo kapena sunthani phazi, akayang'ana mulipireni, ndipo ulendo wotsatira sendererani pafupi.

Pali chinthu china chokhudza agalu athu chimene muyenera kuchimvetsa. Galu amene anakulira kugendedwa amathawa munthu akangowerama, poganiza kuti akutola mwala. Amapewanso maso a munthu, ndipo pakati pa agalu okhaokha kuyang'anitsitsana dwii n'kuputana. Galu wotere musamuweramire ndipo musamutong'olere maso. Khalani pampando kapena njutani cham'mbali, nkhope ili yomasuka. Masiku oyamba mulipireni ngakhale atangoyang'ana pachifuwa panu kapena kuponya diso kamodzi n'kubweza. Kufika pankhope adzafika yekha akaona kuti palibe choopsa.

Chachitatu: akuyang'aneni musanamuuze

Posewera simungamatchule dzina mphindi iliyonse. Mukufuna galu woti yekha azikumbukira kuti muli pomwepo.

Fumbatani usipa m'dzanja, mumununkhize, kenako tambasulani dzanjalo cham'mbali. Khalani chete. Adzayang'ana chibakeracho, adzachinyambita, mwina adzachikanda kapena kudumphira. Musalankhule, musasunthe. Pakapita kanthawi adzadabwa kuti bwanji sichikutseguka, ndipo diso lake lidzabwera pankhope panu ngati akufunsa. Pomwepo "Eya!", tsegulani dzanja. Ulendo woyamba Bua anatha pafupifupi mphindi yathunthu akulimbana ndi chibakera changa, ndipo mtima unkafuna kuti ndimuthandize pomutchula dzina. Ndinadzigwira, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimene galu wachitulukira yekha amachisunga kuposa chimene wauzidwa. Pofika ulendo wachisanu ankangoponya diso padzanja n'kubwera kwa ine.

Akazolowera, chedwetsani "Eya!" pang'onopang'ono: werengani mumtima mpaka 2, mawa mpaka 3, kenako 5. Nthawi zina bwererani ku 1 kuti asaone ngati zikungokulirakulira. Kenako onjezani kuyenda. Ponyani kachidutswa pansi kumanja kwanu, akatola n'kutembenukira kwa inu, "Eya!", ponyani kena kumanzere. Apa masewera ayamba kale, ndipo waona kuti njira yopita ku chidutswa chotsatira imadzera pankhope panu.

Zonsezi zizitenga mphindi 3 mpaka 5 basi, kawiri kapena katatu patsiku. Kwa kagalu ka miyezi iwiri kapena itatu, mphindi imodzi kapena ziwiri zakwana.

Chachinayi: kukokerana

Gawo ili ndilo ndimalikonda, ndipo ndilo linasintha Bua. Mpira mukauponya chisangalalo chimachoka kwa inu n'kupita uko. Chokokerana sichikoma popanda munthu wogwira mbali inayo. Anthu ena amati kukokerana kumachititsa galu kukhala wolusa. Ine sindivomereza. Chimene chimaononga galu ndi masewera opanda malamulo, pamene kukokerana kwa malamulo kumamuphunzitsa kudzigwira mtima uli m'mwamba.

Poyamba chipatseni moyo chokokeranacho. Musamukankhire kukamwa, palibe kalulu amene amathamangira m'kamwa mwa galu. Chikokeni pansi mochithawitsa, chiime pang'ono, chinjenjemere, chithawenso ngati mbewa yotuluka kuuna. Akachilondola nenani "Tenga!" n'kumulola achigwire. Ndikupempha kuti musagwiritse ntchito liwu loti "Gwira!" Kuno liwu limenelo ndi losaizira galu kwa wakuba kapena nyama, ndipo tsiku lina mwana adzalinena moseka mnzake akuthamanga.

Kokeranani motsika, uku ndi uku, osati m'mwamba ndi pansi, ndipo musamunyamule miyendo kuchoka pansi, mungamupweteke khosi. Ngati ali pakati pa miyezi 4 ndi 6 akugula mano, nkhama zimawawa, ndiye kokani mofatsa kwambiri. Muzimulola kupambana kawirikawiri. Tayani chokokeranacho, bwererani m'mbuyo masitepe atatu mukuomba m'manja. Galu wambiri amaima nacho kukamwa, n'kuona kuti chafa, n'kubwera nacho kudzakugundani nacho pamwendo kuti mugwirenso. Tsiku limene adzachite zimenezi dziwani kuti mwayamba kukolola: wasankha inu pamene akanatha kuthawa nacho.

Tsopano kusiya. Mkati mokokerana, gwirani chokokeranacho ndi manja awiri pafupi ndi kamwa lake, chitsamizeni pantchafu panu, muume ngati chitsa. Osakoka, osalankhula. Iye adzakoka yekha kwa kanthawi, koma chinthu chosagwedezeka sichikoma. Akangotsegula kamwa, "Eya!", ndipo nthawi yomweyo chipatseninso moyo: "Tenga!" Malipiro a kusiya ndi kuyambiranso. Akachita bwino maulendo angapo, yambani kunena "Siya!" musanaume. Ngati ndi wouma mutu, wosasiya ngakhale mutadikira, muikireni usipa pamphuno, asinthanitse. Kukanula kamwa ndi manja kapena kumumenya pamphuno kumangomuphunzitsa kulumitsa ndi kukubisirani zinthu.

Akadziwa "Tenga" ndi "Siya", lowetsani diso pakati pa ziwirizi. Wasiya, inu gwirani chokokeranacho cham'mbali monga munkachitira ndi chibakera chija, n'kukhala chete. Adzachiyang'anitsitsa, thupi likunjenjemera. Dikirani. Diso likangofika pankhope panu, "Eya! Tenga!" Bwerezani katatu kapena kanayi pa masewera amodzi. Chimene mwamanga apa ndi ichi: galu ali pachimake pa chisangalalo, chinthu chimene akuchifunitsitsa chikulendewera pafupi ndi mphuno yake, koma akuchisiya n'kuyang'ana mwini wake. Nkhuku yodutsa idzafuna luso lomweli.

Lamulo lina ndi la mano. Dzino likakhudza khungu lanu, ngakhale mwangozi, nenani "Zatha" modekha, bisani chokokeranacho kumbuyo, yang'anani kumbali kwa kanthawi kowerenga mpaka 20, kenako yambiraninso. Sachedwa kuphunzira kusamala pogwira. Kulirira kukhosi pokokerana kusakuopseni ngati thupi lili lofewa, mchira ukupukusidwa, ndipo akubwera yekha kwa inu. Koma akauma thupi, n'kuphimba chinthucho ndi chifuwa, milomo itakwezedwa, amenewo si masewera. Musalimbane naye ndipo ana asayandikire. Ponyani chakudya patali, akapita kukatola chotsani chinthucho, ndipo kwa masabata angapo muzingochita zosinthanitsa ndi chakudya.

Chachisanu: kuponya

Apa ndi pamene chokokerana chachiwiri chija chimagwira ntchito. Dikirani diso, "Eya!", ponyani chimodzi pafupi, mamita ngati 5. Akachitola tulutsani chinacho, chigwedezeni, thawani pang'ono. Adzabwera. Akalavula choyambacho n'kukuyang'anani, ponyani chachiwiri mbali ina, inu n'kutola choyamba. Chosangalatsa nthawi zonse chikhale chimene chili m'manja mwanu. Akathawa nacho musamuthamangitse ngakhale pang'ono, chifukwa kuthamangitsidwa kumamukomera kwambiri ndipo simungamupeze. Thamangirani kwina, adzakulondolani.

Mukafuna kugula mpira, sankhani wabuluu kapena wachikasu, wosati n'kumezeka. Maso a galu amasiyanitsa bwino mitundu iwiriyi, pamene chofiira ndi chobiriwira zimaoneka zofananirako. Mpira wofiira ukagwera pa msipu wa dzinja amavutika kuuona, ndipo akayamba kuufunafuna ndi mphuno amakumana ndi fungo lina n'kukuiwalani.

Chachisanu ndi chimodzi: nkhuku, mbuzi ndi akabaza

Malume anga a kwa Chulu ankasaka akalulu ndi agalu pa unyamata wawo. Nditawadandaulira za Bua anandifunsa kuti, "Kodi mphwanga, akabwera kwa iwe umamupatsa chiyani?" Ndinati ndimamusisita. Iwo anapukusa mutu n'kundiuza kuti pa uzimba, kalulu akaphedwa ankamutumbula pomwepo n'kugawira agalu matumbo, ndipo likhweru limodzi linkakwana kuwabweza onse. Nkhaniyi inanditsegula maso. Akulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Kwa galu, nkhuku imene ikuthamanga panopa ndiye fodya wa pamphuno. Ngati kubwera kwa inu kulibe phindu looneka pomwepo, mwagonja musanayambe. Ndiye mukamatuluka panja, nyamulani malipiro abwino koposa, chiwindi chija, pamodzi ndi chokokerana.

Galu amene amachita bwino kuseri kwa nyumba musaganize kuti adzachita chimodzimodzi pabwalo la mpira. Malo akasintha, kwa iye phunziro limakhala ngati latsopano. Kwerani makwerero mmodzimmodzi. Ine ndinayambira pakhomo nkhuku zili m'khola, kenako nkhuku zili panja koma patali, kenako pabwalo la mpira m'mamawa kulibe ana, kenako kudambo kumene amamangirira mbuzi, ndipo pomaliza pafupi ndi njira yodutsa njinga ndi ngolo. Pamalo atsopano aliwonse ndinkayambiranso pa dzina, kenako chibakera, kenako kukokerana. Lamulo langa linali lakuti akakhoza maulendo 8 mwa 10 kwa masiku awiri otsatizana, ndiye tisunthe. Akalephera kawiri motsatizana, tibwerere m'mbuyo.

Chida chanu chachikulu ndi mtunda. Mangani chingwe chachitali chija, imani patali pomwe akuiona nkhuku koma akuthabe kudya. Akakana usipa umene amaukonda, kapena akamautsomphola mwaukali maso ali uko, mwayandikira kwambiri, bwererani masitepe 10. Pamtunda woyenera musiyeni aiyang'ane nkhukuyo. Musamukalipire, kuyang'ana si mlandu. Dikirani. Akachotsa maso n'kuyang'ana inu, "Eya!", ndipo mulipireni mowolowa manja, kukokerana kwamphamvu kapena zidutswa zitatu motsatizana. Pakapita masiku mudzaona chodabwitsa: nkhuku ikadutsa, iye akutembenukira kwa inu ngati akuti "mwaiona, ndipatseni zanga". Pamenepo sendererani masitepe awiri.

Chingwecho si chomukokera kapena kumugwedezera khosi. Ntchito yake ndi kuletsa kuti asakafike pa nkhuku, chifukwa ulendo umodzi wothamangitsa n'kugwira umafufuta ntchito ya masabata. Akathamanga, gwirani chingwe mosatsomphola, yendani naye kutali, muyambirenso.

Si malipiro onse amene ali m'thumba. Katswiri wa za khalidwe wa ku America, David Premack, anafotokoza mu 1959 kuti chinthu chimene nyama imakonda kuchita chikhoza kukhala malipiro a chinthu chimene siikonda kwenikweni. Mayi akamauza mwana kuti atsuke mbale kaye ndiye apite kumpira, ndi nzeru yomweyo. Galu akamakokera ku chitsamba kuti akanunkhize, imani. Akakuyang'anani, "Eya! Pita!", mupite naye akanunkhize mpaka akhutire. Chitseko cha mpanda, mbale ya nsima, kumasulidwa pa tcheni, zonsezi zizitseguka ndi diso. Chokhacho chimene sichingakhale malipiro ndi kuthamangitsa ziweto ndi anthu.

Akamasewera ndi agalu anzake

Sankhani galu mmodzi amene mukumudziwa, wobayidwa katemera, wosachita ndewu. Asiyeni asewere, chingwe chikukwekwereka pansi. Musamuitane ali mkati mogubuduzana, sangamve. Dikirani kampata pamene aima kuti apume kapena kudzikung'untha, ndiye tchulani dzina. Akabwera gwirani lamba wa m'khosi mofatsa, mupatseni chiwindi, n'kunena "Pita!" abwerere kwa mnzake. Chitani zimenezi kanayi kapena kasanu, ndipo ulendo womaliza wokha ndiwo ukhale wopita kunyumba. Galu amene amaitanidwa pokhapokha akamakamangidwa amaphunzira kuima patali n'kumakuyang'anani, osayandikira.

Ndipo ichi ndikuchinena ndi mtima wonse: galu akabwera kwa inu musamumenye, ngakhale atachedwa ola lathunthu, ngakhale atalakwa kumene anali. Tsiku la mwanapiye lija Bua atabwerera ndinamukwapula ndi kamtengo. Kwa sabata yathunthu ankati ndikamuitana amabwera chokwawa n'kuima poti dzanja langa silingafike. Iye sanamve kuti ndamumenyera mwanapiye, anamva kuti kubwera kwa ine n'koopsa. Kukonza zimenezo kunanditengera nthawi yaitali kuposa china chilichonse m'nkhani ino.

Pali malo amene sindimasula galu ngakhale atakhala womvera chotani. M'mbali mwa msewu wa M1 magalimoto amathamanga kwambiri, kulakwa kamodzi n'kokwanira. Inunso a m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Kasungu National Park, galu asazolowere kulowera kumeneko. Kuli afisi ndi zilombo zina, ndipo galu wolowa m'paki akhoza kukuikani pa mlandu.

Zikayamba kubwerera m'mbuyo

Pakati pa miyezi 6 ndi 18 galu amakhala ngati mnyamata amene wayamba kumera ndevu. Zimene ankadziwa dzulo lero akuchita ngati sanazimvepo. Sanaiwale. Bwezeretsani chingwe, fupikitsani mtunda, onjezani malipiro, nyengoyo imadutsa. Galu wamkazi amakhala pa nyengo yofuna amuna pafupifupi kawiri pachaka, kwa masabata ngati atatu, ndipo nthawi imeneyo amphongo a mudzi wonse mitu siigwira. Masiku amenewo sewererani mumpanda. Mukhozanso kufunsa a zaziweto za kufula kapena kutseketsa.

Vuto lina limachokera m'nyumba momwemo. Bambo akuti "Siya", mayi akuti "Taya", ana akuti "Leka" kwinaku akumuthamangitsa kuti amulande nsapato. Khalani pansi banja lonse mugwirizane mawu: dzina, Eya, Tenga, Siya, Pita, Zatha. Ana aphunzitseni masewera a chibakera ndi oponya, amawakonda ndipo amawagwira msanga. Kukokerana ndi galu wamkulu kukhale kwa akuluakulu, ndipo mwana wamng'ono asatsale yekha ndi galu.

Ena amafunsa ngati adzakhale akuyenda ndi usipa m'thumba moyo wonse. Pamalo pamene wazolowera, yambani kudumphitsa: ulendo uno chakudya, wotsatira kukokerana, wina "Pita!", wina mawu okoma ndi kumukanda pachifuwa. Asadziwe chimene chikubwera. Koma kulipira kusathe konse, ndipo pamalo atsopano kapena ovuta bwererani ku malipiro a ulendo uliwonse. Ine mpaka lero ndikamapita naye kudambo ndimatenga kausipa pang'ono m'kapepala.

Masewera aliwonse muziwatseka inu, iye akadafunabe. Mukaona lilime latalika kwambiri, wayamba kununkhiza pansi kapena kuchedwa kubweza chokokerana, mwapitirira kale, mawa mudzasiye msanga. Pezani diso lomaliza, mulipireni, nenani "Zatha" mukumuonetsa manja opanda kanthu. Muyendetseni pang'ono kuti kupuma kutsike, mupatseni madzi, ndipo nsima idikire mpaka atapumula bwino. Chokokerana musachisiye pabwalo kuti azichitafuna yekha. Changa ndimachipachika pamsomali kuseri kwa chitseko, pomwe Bua sangafike, ndipo chimatsika pokhapokha ine ndikachitsitsa.